Phiri la Malume ndi Phiri Langa

Loweruka, mwezi wa Marichi

Lero ndinadzuka ndikudzimva woyera mtima kwambiri, ngakhale m'mimba munali pululu. Pofika masana, woyera mtima uja anali atagona chagada pa udzu wonyowa ku Shooters Hill, miyendo ataisanjika pa chikwama, anzake a m'kalasi atamuzungulira ngati aona ngozi ya basi. Pano ndili pabedi, bondo lili ndi pulasitala, ndadya kawiri, ndipo ndikufuna ndilembe zonse mwatsatanetsatane manyazi asanayambe kundikonzera nkhaniyi.

Chaka chino sukulu yathu ikutenga ana ochepa kupita ku Morocco, kuphiri lotchedwa Toubkal. Sitikakwera mpaka pansonga ayi. Tikayenda wapansi mpaka pamalo pamene okwera mapiri amagona asanakalimbane ndi nsongayo, pamene a Harding, mayi amene amatiphunzitsa jogalafe, amapatchula kuti base camp. Chitionetsereni zithunzi zake, ine mtima sunakhalenso m'malo. Ndinabwera kuno ku Thamesmead kuchokera kwathu ku Blantyre ndili ndi zaka khumi, ndipo kuyambira pamenepo chinthu chachitali chimene ndakwerapo ndi masitepe a fulati yathu lifiti ikafa (imafa kawirikawiri, komabe si phiri).

Nditawauza amayi, anati, "Tiona." Amayi ndi namwino, amagwira shifiti ya usiku, ndipo "tiona" wawo ndimamudziwa bwino. Ndinawakakamira mpaka anatopa nane.

"Nkhani yotuluka dziko si yanga ndekha," anatero. "Mwini mbumba alipo. Kauze amalume ako. Akalola iwo, ine ndisaina."

Ananena akumwetulira, chifukwa ankadziwa chimene akuchita. Malume ndi mchimwene wawo wamkulu wa amayi. Anabwera kuno kalekale pothawa zandale, amakhala ku Tottenham, ndi mkulu wa mpingo, ndipo anakanizapo mwana wawo Mavuto kupita ku Wembley kukaonera mpira chifukwa linali Lamulungu, tikiti ali nayo kale m'thumba. M'nyumba mwawo muli lamulo limodzi lalikulu: Chingerezi chimavulidwa pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Choncho Lamulungu, ulendo wonse wa pa basi ndi pa sitima wopita kwa Malume, ndinkayeserera pempho langa m'Chichewa. Pamalo pogona paja ndinapapezera dzina loti msasa, ndipo ndinadzitama kuti ndapeza mawu abwino. Dzina la Morocco ndinaganiza zolisiya pomaliza, monga mmene munthu amasiyira mankhwala owawa.

Titaweruka kutchalitchi, Malume atakhala pa mpando wawo wa pafupi ndi zenera, ndinagwada pa kapeti.

"Malume, ndabwera kudzapempha chilolezo. Ndikufuna kupita kuphiri nthawi ya holide. Tilipo kagulu. Tikayenda wapansi, tikagona kumsasa, ndipo mafoni sakagwira ntchito."

Anavula magalasi. "Wati kuphiri?"

"Eya, Malume."

"Mukakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Pafupifupi sabata."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, Malume. Mtima wanga basi. Chimvereni za ulendowu, sindikupeza mtendere."

(Ndikamawaona mawu amenewa atalembedwa chonchi, ndikuona ndekha kuti dzenjelo ndinakumba ndi khasu langa lomwe.)

"Mayi a Mavuto!" anaitana Malume. "Tasiyani mbalezo mudzamve! Ana athu tawalera m'nyumba muno, tawagulira Mabaibulo a zithunzi, palibe ndi mmodzi yemwe anaganizapo zimenezi. Koma mwana wa mlongo wanga akupita kuphiri!"

Kwathu munthu wa mpingo akati akupita kuphiri, sakunena zokajambula zithunzi. Akunena zokapemphera ndi kusala kudya. Zimenezi ndimazidziwa. Ndili mwana ku Blantyre ndinkawaona amayi akukwera phiri la Soche m'mamawa, Baibulo m'manja, chitenje paphewa. Kungoti zinali zitandichoka m'mutu, ndipo zinabwerera pamene Anti, akazi awo a Malume, anatulukira kukhitchini akupukuta manja n'kuyamba nyimbo.

Morocco anali pamlomo penipeni. Ndikanangoutsegula. Koma dzanja la Malume linali kale pamutu panga.

"Pita, mwanawe. Ndalola."

Amenewo ndiwo mawu amene ndinabwerera. Ndinameza Morocco yense ndi ngamila zake zomwe, n'kunena kuti, "Zikomo, Malume."

Ndinkayembekeza kuti zonse ziululika Malume akangolankhulana ndi amayi. Anaimba foni Lolemba madzulo, amayi akusita yunifolomu, ndiye anaiika foniyo pa thebulo kuti izimveka m'chipinda chonse. Ine ndinaima pakhomo ngati mbuzi yodikira mpeni.

"Mlongo, mwanayu wamulera bwino. Apite."

Amayi anaimika simbi. "Achimwene, mwalola? Kumene akunenako n'kutalitu."

"Kutaliko n'kumene kumafunika."

"Akuti kumazizira koopsa."

"Mose anatenga bulangete?"

"Akutinso ena akafika m'mwambamo amadwala mutu, ena kusanza kumene."

"Imeneyo ndi nkhondo, mlongo. Mdani sakondwera munthu akamakwera."

Amayi anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni. Kenako anati, "Chabwino, mwini wake mwanena," ndipo anasaina. Ndinathawira kubafa kukavina mwakachetechete. Chikumbumtima chinanditsatira komweko, koma ndinachiuza kuti chidikire panja.

Lamulungu lotsatira amayi anali kuntchito, ndiye kutchalitchi ndinapita ndekha. Nthawi ya zolengeza Malume anaimirira, anakonza tayi, nanditchula dzina langa lonse, ndi la agogo lomwe. Anati m'masiku ano amene ana athu sachotsa maso pa foni, Mulungu wadzisungira kamtsikana kamodzi. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga, ndipo anthu anati taonani kudzichepetsa kwake.

Titatuluka, panakhala mzere. Woyamba anali Mayi Zulu, a ku Zambia, amene amaphika tiyi wa mpingo ndipo palibe amene amawatsutsa.

"Iwe mwana, bwela kuno," anatero atandigwira mkono. "Ukafika pamwamba paja umukambileko Mulungu za Junior wanga. Ali na madigiri yabili, koma ankala chabe pa nyumba, kudya na kugona. Umuuze ati nalema ine."

"Chabwino, mayi."

"Usaibale, ka. Junior. Osati uja wa ba Tembo, uja asebenza kudala, ali na nchito."

Bambo wina anandinong'oneza za mapepala ake amene akuchedwa kutuluka. Mayi wina anandionetsa bondo lotupa. Mtsikana wina wa kwaya, wamkulu kwa ine, anangoti, "Ukudziwa kale," n'kuloza chala chake chopanda mphete. Onse ndinawayankha kuti chabwino. Mumtima ndinkati ndikawapemphereradi ndikakafika, ndiye si bodza lathunthu. (Bodza latheka limalemera chimodzimodzi ndi lathunthu. Ndalinyamula, ndikudziwa.)

Pondiperekeza kokwerera basi, Malume anawonjezera chomaliza.

"Kuphiri sapita mwadzidzidzi, mwanawe. Thupi limafuna kulizoloweza. Loweruka likubwerali tisale limodzi, iwe uko ine kuno, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndi madzi omwe ayi."

Loweruka limenelo ndi lero. Ndipo lero ndi tsiku limene a Harding anakonza kuti atiyese: kukwera ndi kutsika Shooters Hill mobwerezabwereza, chikwama chodzaza kumsana. Anatiuza poyera kuti wolephera atsala, chifukwa pali ana ena amene akudikira malo.

Ndikanatha kudya. Akanandiona ndani? Amayi anafika kuchokera kuntchito, anazimitsa foni n'kugona. Buledi anali pa thebulo, akundiyang'ana. Koma ndinkangoona Malume, munthu wachikulire wodwala shuga, atakhala pa mpando wawo uja ndi njala chifukwa cha ine. Ndinati ngati ndanama pa za phiri, ndisanamenso pa za njala. Ndinatuluka m'nyumba ndikudzimva ngati munthu wa m'Baibulo.

Ulendo woyamba wokwera ndinayenda bwino, mpaka ndinkaimba chamumtima. Shooters Hill si phiri loti munthu wa kwathu angalipatse ulemu. Ndi chitunda chabe, chokhala ndi nkhalango, mabenchi ndi anthu oyendetsa agalu. Ndinkachiyang'ana mochinyoza. Botolo langa la madzi linali lodzaza m'chikwama, poti anatiuza kuti chilemere, ndipo madziwo ankangoti khuvukhuvu kumsana kwanga ngati akundiseka.

Titabwereza, lilime linayamba kuuma ngati chikopa. Temi, mnzanga wa m'kalasi amene makolo ake ndi a ku Nigeria, anatsegula paketi ya tchipisi ta nthochi pafupi ndi mphuno yanga.

"Tenga," anatero m'Chingerezi.

"Ndakhuta."

"Wakhuta chiyani? Nkhope yako ikuoneka ngati phulusa."

"Ndi mmene ndimaonekera ndikasangalala."

"Ndiye lero wasangalala kwambiri," anatero Temi, akutafuna mopanda chisoni.

Kenako zinthu zinayamba kuchita zachilendo. Kagalu kakang'ono kovala juzi kanandipitirira pa chitunda, kakundicheukira. Mitengo inayamba kusendera kumanzere. Mawu a a Harding otilimbikitsa ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Ndikukumbuka kuti ndinayesa kupempherera Junior, poganiza kuti mwina zindipatsa mphamvu, koma ndinasokoneza ndi wa a Tembo uja. Basi, mdima.

Nditatsegula maso ndinaona mitambo, ndi nkhope zambiri, ndi a Harding atagwada pambali panga. Bondo linkatuluka magazi. Temi ankandipemerera mphepo ndi paketi ija.

"Wadya chiyani lero?" anafunsa a Harding.

"Palibe."

"Wamwa chiyani?"

"Palibe. Ndikusala."

Anandimwetsa madzi pang'onopang'ono, anandipatsa nthochi ndi bisiketi, ndipo kusala kwanga kunathera pamenepo, pamaso pa kalasi yonse ndi kagalu kaja, kamene kanabwerera kudzaonerera. Nditakhala tsonga pa benchi, a Harding anauza ena kuti apitirize ndi mphunzitsi wina, iwo n'kukhala pafupi nane. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ukanandiuza m'mawa, tikanapeza njira," anatero. "Kumene tikupita kulibe ambulansi pafupi. Mwana wofooka ndikhoza kuyenda naye. Mwana wobisa mmene akumvera sindingamutenge, chifukwa ndidzadziwa mochedwa."

Pamenepo ndinaona Toubkal akuchoka, akunka nachepa ngati basi imene yakusiya. A Harding anaimbira amayi, foni inali yozima. Anaimba nambala yachiwiri imene sukulu ili nayo. Nambala yachiwiri ndi ya Malume.

Kudikira kumeneko sindikufunira munthu aliyense. Kuchokera ku Tottenham mpaka kuno ndi mtunda, ndipo ndinali ndi nthawi yokwanira yokonza mabodza atsopano angapo n'kuwataya onse. Pomaliza ndinawaona akukwera kanjira, suti, chipewa, ambulera ngati ndodo, Mavuto amene anawayendetsa pa galimoto ali pambuyo.

"Mwanawe! Mdani wayamba kale?"

Ndisanayankhe, a Harding anaimirira, anawapatsa moni, n'kuyamba kufotokoza zonse mwaulemu, poganiza kuti akulankhula ndi munthu wodziwa. Anati awa ndi mayeso a ulendo wa ku Morocco. Anati kumeneko abulu adzanyamula katundu wolemera, ana adzagona pamsasa wa okwera mapiri, ndipo adzadya katatu patsiku, wosafuna adzamukakamiza. Ine ndinkangoona nkhope ya Malume. Pa mawu oti abulu, nsidze zinakwera. Pa mawu oti katatu patsiku, anakhala pansi.

"Morocco," anatero, ngati akulawa chinthu chimene sanaitanitse. Kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa. "Mwanawe, phiri limeneli ndi lopemphererapo?"

"Ayi, Malume. Ndi longokwera."

"Longokwera. Mukafika pansonga mukatani?"

"Pansonga sitikafika. Tikathera pamsasa."

"Ndiye mukatero?"

"Tikatsika."

Mavuto ankayang'ana kumwamba, masaya akunjenjemera.

"Ndiye kuti mukukwera ndege," anatero Malume pang'onopang'ono, "kuwoloka nyanja, kuti mukakwere theka la phiri, n'kubwerako."

"Koma msasawo uli pamwamba kuposa Sapitwa, Malume." Sindikudziwa chifukwa chake ndinaganiza kuti zimenezi zindithandiza.

"Kwathu ku Mulanje makolo anaipatsa dzina nsonga imene ija, ndipo dzinalo ndi malangizo."

Apa misozi inangotuluka yokha. Ndinawauza zonse: kuti poyamba sindinafune kunama, kuti ndinazindikira Anti atayamba nyimbo, kuti ndinakhala chete chifukwa ndinaopa kuti akamva zoona akana.

"Ndikanakana," anatero Malume.

Ndinangoti basi, zatha. Aphunzitsi akana, mwini mbumba wakana, ndatsala ndi bondo lotupa ndi mapemphero a anthu a mpingo wonse opanda kopita nawo.

Malume anapisa m'thumba la jekete kuti andipatse mpango wopukutira misozi. Pamodzi ndi mpangowo panatuluka kapepala kamafuta, ndipo m'kapepalamo munagwa chidutswa cha sikono, n'kugubuduka mpaka pa nsapato yanga. Tonse tinachiyang'ana.

Mavuto sanathenso kupirira. "Adadi, muuzeni," anatero m'Chingerezi, akugwira m'mimba. "Muuzeni mwanayu kuti mwasala mpaka nthawi yanji."

"Iwe, khala chete."

"Mpaka nthawi ya mapiritsi a m'mawa! Amami anawaimirira ndi mbale ya phala, akuti mukafuna kukomoka mukakomokere kwa mlongo wanu, osati pa kapeti yanga."

Malume anatola chidutswa chija mwaulemu wonse, n'kuchibwezera m'thumba. "Sikonoyi ndi ya dokotala," anatero. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye iwe sunalawe kanthu? Ndi madzi omwe?"

"Munati tisale limodzi, Malume."

Anaimirira, anavula chipewa, n'kupita pamene panaima a Harding. Ine ndinali ndisanawamvepo Malume akulankhula Chingerezi chachitali, ndipo ndinadabwa: ndi chija cha owerenga nkhani pa wailesi, chosita bwino. Anati cholakwa chachikulu ndi chawo. Anati ndi iwo analamula kusalako osafunsa kuti mwanayu ali ndi chiyani tsiku limenelo, ndipo kwathu mwana sabweza mawu a malume ake. Anati mwana ameneyu wasunga lamulo lopusa mpaka kugwa nalo pansi, pamene mwini lamulo analithawa m'mawa. "Ndiye mayi, mukamulamula kuti azimwa madzi, ndikukulonjezani, mitsinje ya ku Morocco iphwa."

A Harding analuma mlomo kuti asaseke. Anandiyang'ana, anafunsa ngati pali chinanso chimene ndikubisa. Ndinati bondo likupweteka kuposa mmene ndinanenera. Anati chimenecho ndiye chiyambi chabwino. Kenako anati Loweruka likubwerali ndidzabwereze mayeso, ndidzadye chakudya cha m'mawa iwo akuona, ndipo ndikadzangomva chizungulire ndidzanene nthawi yomweyo. Ndikadzamaliza, malo anga alipo.

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo ukanazimitsa makandulo a tchalitchi chonse. Koma panatsala mbali ya Malume, ndipo m'galimoto ndinakhala kumbuyo osayerekeza kufunsa. Titayandikira kwathu, Malume analankhula osacheuka.

"Ine mawu anga sindibweza. Ndinati pita, ndipo dzina la phiri sindinafunse. Kumeneko ndi kupusa kwanga."

"Zikomo, Malume. Zikomo kwambiri."

"Usathokoze msanga. Katundu amene anthu anakusenzetsa ukamutula komweko, mmodzimmodzi, mayina awo osasokoneza. Mulungu sananene kuti amamva za pa Soche zokha. Ndipo mawa ukaima kutsogolo, ukawauza ndi pakamwa pako kuti phirilo ndi liti, ndiponso kuti kuli abulu."

"Chabwino, Malume. Nanga za phala ndikanene?"

"Za phala sizikukhudza mpingo."

Amayi tinawapeza atadzuka, foni m'manja, nkhope itasintha poona kuti sukulu inawaimbira. Anayamba ndi ntchito yawo: kundigwira pamkono, kunditsegula maso, kutsuka bondo. Kenako anandikalipira za madzi, mokweza, m'zinenero ziwiri. Malume atawafotokozera chiyambi chake, amayi anakhala pa mpando pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ine ndinasainira Morocco, inu munaloleza Sinai?"

Anaseka mpaka misozi, Malume akunamizira kuwerenga kalendala ya pakhoma. Amayi atatha kuseka anandiuza kuti mbale za sabata yonse ndi zanga, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Sindinadziwe kuti munthu angakondwere chonchi ndi chilango.

Chimene ndaphunzira ndi choti nkhani uziyinena yonse, nthawi yomweyo, munthu asanayambe nyimbo. Ndikukhulupirira kuti ndasintha ndithu.

Za mawa ndaganiza kale. Mawu anga atha kumvekanso molakwika, poti Chichewa changa chaonetsa kuti sichodalirika, ndiye ndikufuna anthu akaone ndi maso. Ndivala diresi langa la Lamulungu, lachikasu, ndi nsapato zanga zokwerera phiri, zazikulu, zodzaza matope a ku Shooters Hill, ndipo ndikaima nazo kutsogolo kwa mpingo wonse. A Harding anatinso tizizivala pafupipafupi kuti zifewe. Amayi mawa sakugwira ntchito, tipitira limodzi, ndipo ndikudziwa kuti akaziona pakhomo sandilola kutuluka nazo. Ndaziika kale m'chikwama. Ndiwauza tikakwera basi.